Boti Lomwe Tinkaviika Ngati Khasu

Ine ndinabadwira kumapiri, m'dera la a Kanduku, kumene madzi aakulu amene tinkawadziwa anali a kamtsinje kodzaza m'dzinja, koti pofika chilimwe mwana ankakadumpha osanyowa chidendene. Nsomba tinkazidziwa zouma kale, zoyalidwa pa thumba pamsika. Mwamuna wanga naye anali wakumapiri, wa kwa a Nthache, ndipo anabwera kudzakhala kwathu monga mkamwini. Ndati anabwera kudzakhala, koma kunena zoona ankangobwera kudzacheza. Zaka zoyamba za ukwati wathu zinathera ku migodi ya ku Joni. Ankafika ndi sutikesi, mabulangete ndi chifuwa, n'kukhala mpaka chimanga chitafika m'mawondo, kenaka n'kukalembetsanso. Ana athu awiri ndinabereka iye kulibe, ndipo onse anayamba kuyenda iye kulibe. Anzanga ankati ndine wamwayi chifukwa cha malata a padenga. Ine ndinkafuna munthu woti ndizikangana naye za mbuzi yolowa m'munda, ndipo malata sakangana ndi munthu.

Chaka china njira ya ku Joni inatsekedwa, amuna n'kubwerera onse m'midzi. Akazi ena ankadandaula za sopo ndi shuga. Ine ndinakondwa, ndipo sindinabise. Koma chimwemwe changa chinali ndi mantha mkati, chifukwa ndinkamuona mwamuna wanga. Sanali waulesi ayi. Ankalima, ankamanga nkhokwe, ankadulira mitengo ya manachesi ya amayi anga. Koma ankagwira zonsezi ngati munthu amene wakhala pa benchi kudikira basi. Mkamwini amene anazolowera kufika ndi katundu, akayamba kudya za m'munda wa apongozi amameza movutikira. Ndinkadziwa kuti tsiku limene njira idzatsegukenso, iye adzakhala woyamba pa mzere.

Nthawi yomweyo Apwitikizi ankasamuka ku Tete. Ankadutsa pa malire ndi magalimoto odzaza mpaka pamwamba, ndipo zimene zawalemera ankazigulitsa pomwepo pa mtengo wogwetsa: mabedi, makina osokera, mafiriji amene ife tinalibe poti n'kuwalumikiza. Bambo wina wachisilamu amene anali ndi sitolo pa boma anagula boti la matabwa ndi injini yake yaing'ono. Sindikudziwa kuti ankaganiza zotani. Injini anaisunga m'sitolo kuseri kwa matumba a mchere, boti n'kulivundikira kuseri kwa nyumba, nkhuku zake n'kumaikira mazira pansi pake. Linakhala pamenepo pa dzuwa mpaka anthu analeka kulicheukira.

Tsiku lina mwamuna wanga anabwera kuchokera ku boma akuyenda ngati mnyamata. Anandipeza ndikutongola chimanga pakhonde.

"Amayi, ndaona boti."

"Boti? Pa Mwanza pompano? Mwamwa chiyani lero, abambo?"

"Sindinamwe kanthu. Boti lenileni, la injini. Ku Shire kuli nsomba, ndipo kuno anthu akudya masamba a nyemba chaka chonse."

"Inu kusambira mumadziwa?"

"Pansi pa nthaka ndinkalowa ndikudziwa kuuluka?"

Ndinamuuza kuti nkhani yake ndi yamisala, kuti ndalama zimene anakhetsera thukuta mumdima akufuna kukaziponya m'madzi, kuti anthu adzatiseka mpaka ku Zobue. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenaka anakhala pansi, n'kutola chisononkho, n'kumachitembenuza m'manja.

"Boti limeneli likatidyetsa," anatero, "ine pansi pa nthaka sindidzalowanso mpaka tsiku limene mudzandiike m'manda."

Akanati akufuna kugula ndege, ndikanamuthandiza kuikankha.

Achimwene anga, amene anali mwini mbumba wathu, analowa nawo m'nkhaniyi. Iwo anali munthu woti akamva chinthu chatsopano maso amawala, ndipo anagulitsa mbuzi zawo kuti tigule maukonde. Boti tinaligula pamodzi ndi injini yake, n'kulipaka penti yobiriwira, n'kulikweza pa lole imene inkapita kukatenga njerwa cha ku Lisungwi. Msewu unali wafumbi, wamizeremizere ngati malata, ndipo boti linkadumpha kumbuyoko ulendo wonse. Anthu m'mbali mwa msewu ankaima ndi makasu m'manja kutiyang'ana. Pena anyamata a chipani anatiimitsa kuti aone makadi, ndipo mmodzi anafunsa ngati boti nalo lili ndi khadi lake. Tonse tinaseka, chifukwa masiku amenewo anthu aja akaseka iwenso unkaseka.

Tinakamanga msasa m'mbali mwa Shire, kumtunda kwa Matope, kumene mtsinje ndi wotakata ndipo umayenda mwaulemu usanafike pa mathithi. Kunali kotentha koti ife akumapiri tinkangokhala chitsegulire pakamwa ngati nkhuku. Anthu a kumeneko anali asodzi a mabwato osema ndi nkhafi. Anatilandira bwino, ngakhale ankatiseka poyera. Anaphunzitsa mwamuna wanga ndi achimwene kutchera ukonde, kudziwa pamene mvuu zimagona, ndi kusalowetsa dzanja m'madzi mwachisawawa. Koma za injini panalibe ndi mmodzi yemwe amene anazidziwa. Pa doko lonselo injini yathu inali yoyamba.

Tsiku loyamba kuliika m'madzi, boti linachucha paliponse. Matabwa anali atauma pa dzuwa la pa boma lija mpaka kusiyana, moti pena unkaona kuwala kukudutsa. Madzi ankalowa ngati mu dengu. Asodzi aja anaima pa mchenga manja ali kumbuyo, akudikira kuona kuti akumapiri atani. Koma mwamuna wanga analiyang'ana kanthawi, n'kutembenukira kwa achimwene.

"Alamu, khasu likayamba kugwedera pa mpini timatani?"

"Timaliviika."

"Nanga ili si mtengo?"

Kwathu mwana aliyense amadziwa zimenezi. Khasu kapena nkhwangwa ikakhwefuka, sutaya nthawi. Umaiika m'madzi igone momwemo, mpini umatupa, n'kugwira chitsulo mwakuti mawa lake ngakhale ulime pa miyala sichiguluka. Choncho anachotsa injini, n'kukokera boti pamalo osaya, n'kuikamo miyala mpaka linamira lonse. Ataliutsa patapita masiku, matabwa anali atatupa n'kugwirana. Anakapa madzi, n'kudikira, ndipo silinachuchenso ngakhale dontho. Asodzi aja anagwedeza mitu, wina n'kunena kuti kani kumapiri kulinso anthu. Ndinaona mmene mwamuna wanga anaongolera msana. Kuyambira tsiku limenelo tinkadziona ngati madokotala a boti, ndipo mankhwala athu anali amodzi omwewo.

Miyezi imene inatsatira ndi imene ndimaikumbuka ndikafuna kudzikumbutsa kuti nanenso ndinakhalapo pa banja. Injini inkawafikitsa kumtunda kumene a nkhafi sankafika msanga, ndipo ankabwera ndi milamba yaikulu ngati ntchafu, makumba ndi nsomba zina zimene mayina ake ndinaphunzira komweko. Ntchito yanga inali kutumbula, kupala mamba ndi kuwamba. Utsi unandidetsa maso, ndipo fungo la nsomba linalowa mpaka m'nsalu za kutchalitchi. Dengu likadzaza ndinkakwera nalo lole kupita ku boma, ndipo akazi omwe aja ankatiseka ankandithamangira ndisanatule n'komwe. Tikakolola kumudzi ndinkatenga ana n'kupita nawo ku msasa. Kumeneko anaphunzira kuti bambo ndi munthu amene amakhalapo dzulo, lero ndi mawa. Ankawakwera pamsana, ankalimbirana kuwanyamulira chigubu cha petulo.

Ndipo tinkakangana, Mulungu ndi mboni. Tinkakangana za mchere, za nkhuni zonyowa, za achimwene amene ankapatsa anthu nsomba zaulere kuti atamandidwe. Tsiku lina ndinamuthamangitsa ndi chikuni chifukwa anapondera nsomba zanga zowamba, iye n'kuthawira m'boti akuseka. Ndinali ndisanakhalepo wokondwa chotero. Injini yathu ndinkaimva ili kutali, isanatulukire kuseri kwa mabango, ndipo ndikaimva ndinkaika madzi pamoto.

Injini imeneyo inkanjenjemera koopsa. Ndinakwerapo kangapo, ndipo mano ankagundana okha, miyendo n'kuchita dzanzi. Ukaika kapu pa thabwa lokhalapo inkayenda yokha pang'onopang'ono mpaka kukagwa. Ana ankakonda kuimba ali m'botimo kuti amve mawu awo akunthunthumira. Tonse tinkaona ngati ndi zoseketsa, ndiponso ngati umboni wakuti injini ili ndi mphamvu.

Amuna akatsika, ine ndinkalowa m'boti kukapa madzi ndi kutsuka mamba. M'chaka chachiwiri ndinayamba kupeza tinthu pansi, m'madzi akuda aja. Anali masikuluwu, misomali yopota ija imene inagwira matabwa ku nthiti za boti. Poyamba kanali kamodzi, ndipo ndinayesa kanagwa m'thumba la munthu. Kenaka ndinayamba kuwapeza kawirikawiri. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ena amene anali asanagwe atulutsa mitu, moti nsalu inkakodwamo. Ambiri anali a kumbuyo, pafupi ndi pamene injini inkakhala.

"Abambo, taonani izi. Boti lanu likuthothoka mano."

Anawatenga, n'kugwada, n'kuyamba kuwabwezera ndi nsonga ya mpeni. Ena analowa n'kugwira. Ena ankangozungulira osaluma kanthu.

"Thabwa lauma," anatero. "Dzuwa la kuno si la masewera. Tiliviike."

Achimwene anavomereza, nanenso ndinavomereza. Tikanakana bwanji, poti tinali titaona ndi maso athu mankhwalawo akugwira ntchito? Choncho unakhala mwambo wathu. Loweruka masana ankachotsa injini, n'kumiza boti ndi miyala. Lamulungu tinkapita kukapemphera pa katchalitchi ka udzu kamene kanali chapafupi, boti lili m'madzi. Lolemba ankaliutsa, ndipo ukagwira masikuluwu aja unkawapeza ali nganganga, chifukwa thabwa latupa. Pofika Lachinayi ankayambanso kutulutsa mitu, ife n'kumati dzuwa lachitanso zake. Asodzi a mabwato sankatitsutsa. Bwato lawo ndi mtengo umodzi, lilibe msomali ngakhale umodzi, ndiye akanatiuza chiyani?

Ndisamunamizire mwamuna wanga kuti anali wosasamala. Injini ankaisamala kuposa mmene ankadzisamalira yekha. Inkagona mu msasa, yofunditsidwa bulangete la ku Joni pamene ife tinkafunda nsalu. M'mawa uliwonse ankainyamula pa phewa, n'kuikhazika pa thabwa lochindikala la kumbuyo kwa boti, n'kupota zomangira zake ziwiri mpaka mitsempha ya m'khosi itatuluka. Akatero ankaigwedeza ndi manja onse kuti aone ngati yagwira. Pomaliza ankaimanga ndi chingwe, kuti ngati zomangira zitamasuka isagwere m'madzi. Chingwecho ankachimangirira pa mphete yachitsulo imene inali pa thabwa lomwelo. Injini inali yogwira thabwa zolimba ndithu. Funso lakuti nanga thabwalo lagwidwa ndi chiyani, palibe anadzifunsa.

Zinachitika m'nyengo yotentha, mvula ili pafupi, dzuwa litakwera ndithu. Ana anali kumudzi kwa amayi. Ine ndinali pa doko ndikutsuka dengu, ndipo ndinaimva injini ikubwera monga mwa masiku onse. Boti linatulukira pa mabango lili lolemera, lodzaza ukonde wonyowa ndi nsomba, achimwene atakhala kutsogolo, mwamuna wanga kumbuyo dzanja lili pa chogwirira. Pakati pa mtsinje pankayandama chimulu cha mabango ndi udzu, chachikulu ngati bwalo la nyumba, chikubwera molunjika kwa iwo. Ndinamuona akukhotetsa boti, ndipo ndinamva akuwonjezera moto kuti achizembe. Injini inalira mokweza, kulira kumene ndinali ndisanakumvepo. Kenaka panamveka kuthyoka, ndipo kunangoti zii.

Chete ameneyo sindidzamuiwala. Ndinamva mbalame kutsidya, ndinamva mayi wina akuchapa pa mwala. Boti linatembenuka cham'mbali n'kuyamba kutsetsereka ndi madzi. Kumbuyo kwake kunali chibowo pamene panali thabwa lija, ndipo mwamuna wanga anali atagwada, manja ali m'madzi mpaka m'mapewa, ngati angaigwire injiniyo. Thabwa, injini, chingwe ndi mphete yake, zonse zinapitira limodzi.

Ndinakuwa. Sindikudziwa mawu amene ndinakuwa, koma amuna amene ankasoka ukonde pansi pa mtengo anadzambatuka n'kukankhira mabwato awo m'madzi. Ine ndinathamanga m'mbali mwa mtsinje, mabango akundicheka miyendo, ndikuona boti likumira chakumbuyo pang'onopang'ono. Onse awiri sankadziwa kusambira, ndipo kumunsi kunali mathithi. Achimwene ankakapa madzi ndi chipewa. Ankataya nsomba, ankataya ukonde, chilichonse choti boti lipepuke. Mabwato anawapeza madzi atawafika m'chiuno. Anawakokera m'bwato mmodzimmodzi, ndipo boti lathu linakatsakamira pa mchenga chakumunsi, mphuno yokha ili kunja.

Atamutsitsa mwamuna wanga pa mtunda ndinamugwira malaya ndi manja onse, n'kumamugwedeza, ndikulira ndi kumukalipira nthawi imodzi. Iye sanandiyang'ane. Maso ake anali pa mtsinje, pamalo pamene madzi anali atatsekapo kale ngati sipanachitike kanthu.

Tinaifunafuna injiniyo mpaka manja anatupa. Amuna ankapita ndi mabwato, ndi nsungwi zazitali ndi ngowe zachitsulo zomangirira ku zingwe, n'kumakokera pansi. Ankatulutsa mitengo yowola ndi matope. Pamalopo panali pakuya, ndipo ng'ona zinkawothera dzuwa kutsidya kwake. Ndinapita kwa mnyamata wina amene ankadziwika kuti amatha kumira nthawi yaitali, n'kumulonjeza mbuzi ya amayi anga.

"Mayi," anatero, "mbuzi ndaifuna, koma mwendo wanga ndaufunanso."

Sindinamuimbe mlandu, ngakhale tsiku limenelo ndinamutukwana mumtima.

Boti analikokera pa mtunda. Mwamuna wanga anakhala pansi kumbuyo kwake, ine ndili chiimire pambali. Anapisa chala m'mabowo mmene munali masikuluwu a thabwa lija. Chala chinalowa chonse. Mtengo wa pamenepo unali wofewa ngati mbatata yophika, woti unkaufinya ndi zala n'kutuluka madzi. Masikuluwu amene anatsalira anawazula ndi dzanja, osavutika. Kuviika kwathu kuja kunkatupitsa thabwa masiku awiri, likauma bowo n'kutsala lokulirapo kuposa kale, ndipo injini inkapitiriza ntchito yake yowapotokola pang'onopang'ono tsiku lililonse.

"Ndinkadziwa," anatero, mawu ali pansi.

"Munkadziwa chiyani?"

"Ku mgodi, chilichonse chimene chili pafupi ndi makina obowola mwala chimamasuka chokha. Mapaipi, njanji, zonse. Tisanayambe ntchito tinkayenda ndi sipanala kumanga mabawuti, tsiku ndi tsiku, ngakhale amene tinamanga dzulo. Chinthu chonjenjemera sachimanga ndi sikuluwu ya m'thabwa. Amabowola mpaka kuseri, n'kuika bawuti ndi nati yake. Zimenezi ndazichita ndi manja angawa zaka zonse zija."

"Nanga bwanji simunatero?"

"Ndinkaliona ngati mpini, amayi. Ndikaliyang'ana ndinkaona mtengo. Za ku mgodi ndinazisiya ku mgodi, sindinkafuna n'kuziganiza komwe."

Munthu anayesetsa kuiwala dzenje lija kuti akhale nafe, ndipo anaiwala pamodzi ndi chinthu chimodzi chimene chikanamusunga pakhomo. Ndinamumvera chisoni kwambiri, ndipo ndinachitanso mantha, chifukwa ndinadziwa kumene maganizo ake ayambe kulowera.

Sitinagonje msanga. Anakhoma thabwa lina kumbuyo kuja ndi misomali wamba, n'kumata phula, ndipo anabwereka nkhafi ndi kaukonde kakale. Koma boti la matabwa lija linapangidwira injini. Linali lotakata ndi lolemera, ndipo amuna awiri akumapiri sakanatha kulikweza mtsinje. Ankapalasa mpaka m'manja kutuluka matuza, bwato la mwana wamng'ono n'kuwadutsa ngati aima. Ankabwera ndi tinsomba tosakwana n'komwe kuyatsira moto wowambira. Achimwene anayamba kudwala malungo, n'kubwerera kumudzi. Mvula itagwa, nafenso tinalivundikira boti pansi pa mtengo wa masawu, n'kukwera lole ndi mapoto athu.

Kumudzi anthu sanatichitire nkhanza, koma pakamwa pa anthu sipatsekeka. Pa maliro, pa mowa, pa chigayo, mwamuna wanga ankatchedwa msodzi. "Asodzi, madzi ali bwanji lero?" Iye ankaseka nawo, koma akafika kunyumba sankadya. Achimwene sanamufunsepo za mbuzi zawo ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndikuganiza kuti kusafunsako kunkamupweteka kuposa kufunsa. Mwamuna wanga analima munda wa amayi chaka chimenecho ngati akuulanga. Tinasiya kukangana. Ndinkayesa kumuputa dala, kumunena za nkhuni, za denga la khola, iye n'kungoti, "Chabwino, amayi." Nyumba inazizira.

Kenaka mbiri inafika yakuti njira ya ku Joni yatsegukanso, ndipo akulemba anthu ochepa, makamaka amene anagwirako kale. Ndinaimva kuchitsime. Ndinasiya ndowa pomwepo n'kupita kumunda kumene ankapalira mtedza. Nditangomuona nkhope ndinadziwa kuti waimva kale.

"Musapite," ndinatero.

Anapitiriza kupalira.

"Abambo, ndikulankhula ndi inu. Musapite. Tidzadya masamba a nyemba, tinkadya kale. Anthu aseke mpaka atope. Injini ndi chitsulo, yapita yapita, madzi akatayika saoleka. Inu munatuluka wamoyo, ine zanga n'zomwezo."

"Ndikangopeza ya injini ina ndibwera. Ulendo uno ndikudziwa chochita. Ndidzabowola mpaka kuseri."

"Ayi! Mukunama, ndipo mukudziwa kuti mukunama. Mukapeza ya injini mudzafuna ya ukonde, mukapeza ya ukonde mudzafuna ya mbuzi za alamu anu. Chifuwa chanucho mukuchimva mmene chikulirira? Mukufuna ndidzalandire sutikesi?"

Anaimika khasu, n'kutsamira pa mpini.

"Ndiye ndikhale pano ndizidya za apongozi, ana anga azimva bambo awo akutchedwa msodzi?"

"Akumva bambo awo akutchedwa kanthu chifukwa bambo awo alipo!"

Pamenepo ndinamuuza chimene ndinali ndisanauze munthu aliyense, chakuti ndinali ndi pakati. Ndinkayesa kuti chimenecho chimugwira mwendo. Ndinamuuza kuti awiri aja ndinabereka ndekha, ndipo uyu ndikufuna adzamunyamule ali wofiira, adzamve kulira kwake koyamba ali panja pa nyumba ngati amuna ena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ake atadzaza misozi. Ndinaona kuti wakondwa, ndipo ndinaonanso kuti ndamupatsa chifukwa china chopitira.

"Ndiye pakamwa pawonjezeka," anatero.

Ndinakhala pansi pakati pa mizere ya mtedza n'kulira mokweza ngati pa maliro, osasamala kuti a minda yoyandikana akumva. Iye anagwada pambali panga, n'kuika dzanja pamsana panga. Ndinalichotsa dzanjalo. Analibwezeranso, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinalisiya.

Ananyamuka chimanga chisanakhwime. Ndinamuperekeza mpaka pa boma, ana ali m'mbuyo mwathu akulimbirana kunyamula kachikwama kake. Basi ya ku Blantyre inachedwa, ndipo tinakhala pa khonde la sitolo ina tikudya manachesi osapsa bwino, tikukamba za mbewu ndi za sukulu ya mwana wamkulu, ngati anthu amene adzaonana madzulo. Maulendo onse akale ndikamufunsa kuti abwera liti ankandiuza nyengo, kuti mukamadzakolola, kapena mvula ikamadzayamba. Tsiku limenelo basi itafika ndinamufunsanso.

"Mubwera liti, abambo?"

Anatsokomola, n'kuyang'ana ana, n'kuyang'ana mimba yanga imene inali isanayambe kuoneka.

"Akadzabadwa mudzamuuze kuti ndinamva za iye," anatero, n'kukwera.

Anabadwa mtsikana, nthawi ya chisanu. Ndinamuuza mawu amenewo atayamba kumva, ndipo ankandipempha kuti ndibwereze, poti china chochokera kwa bambo ake analibe. Asanayambe sukulu, munthu wina wa kwa a Nthache amene ankagwira ntchito ndi bambo ake anafika pakhomo atavula chipewa, ndipo ndinadziwa asanakhale pansi. Chifuwa chija chinamugoneka mwamuna wanga m'chipatala cha pa mgodi, ndipo anamuika komweko, kumene palibe mmodzi wa ife anafikako. Mtsikana uja lero ali ndi zidzukulu zake. Mwa ana anga atatu ndi iye yekha amene anatenga nkhope ya bambo ake, mphumi, maso ndi kaseka komwe, ndipo ndi iye yekha amene sanawaonepo.